Galimoto ya Parishi Ikatitimira M'matope

Akuluakulu anati walira mvula walira matope. Kuno ku Chongwe mwambi umenewu timauona ndi maso chaka ndi chaka. Dzinja likamayandikira, Asoli amasonkhana kwa Mfumu Yaikulu Nkomeshya Mukamambo II pa mwambo wa Chakwela Makumbi kupempha mvula yabwino, ndipo ifenso timaipempha kwa Chauta m'mapemphero athu a pa Misa. Ikagwa, minda imabiriwira ndipo mitima ya alimi imakhala pansi. Koma mvula yomweyo imasandutsa misewu ya kumidzi kukhala phala. Kuyambira mwezi wa Disembala kufikira Malichi, aliyense wopatuka pa tara wa Great East Road kulowa m'midzi adziwiretu kuti tsiku lina galimoto yake idzatitimira.

Nkhani imeneyi ikutikhudza tonse a mu Mpingo, ngakhale amene sanagwirepo chiwongolero. Pamene Bambo Jules Torrend a chipani cha Ayezuiti anatsegula mishoni ya Kasisi m'chaka cha 1905, ansembe ankafika kwa Akhristu akutali poyenda pansi. Lero ntchito yomweyo yatsamira pa galimoto ya parishi. Ndiyo imafikitsa wansembe ku matchalitchi a kunthambi, ndiyo imanyamula mafuta oyera kupita kwa wodwala mwakayakaya, ndiyo imathamangitsa mayi woyembekezera kuchipatala usiku, ndipo ndi yomweyonso imanyamula maliro. Kuchokera kuno kupita chakum'mawa, m'boma la Rufunsa kumene kuli chipatala cha mishoni cha St Luke's ku Mpanshya, midzi yambiri ili kutali ndi tara, kuseri kwa madambo ndi timitsinje topanda milatho. Galimoto ikagona m'dambo usiku wonse, kawirikawiri pamakhala munthu amene akuidikira ali pakati pa moyo ndi imfa.

Ndayendetsa magalimoto olemera m'misewu imeneyi zaka zambiri, ndipo kangapo ndakhalapo pa misonkhano ya bungwe la parishi pamene nkhani yogula zida zovuulira galimoto inabuka. Nthawi zonse maso a anthu amathamangira ku winchi, makina aja okoka ndi chingwe amene amamangidwa kutsogolo kwa galimoto, poti ndi ooneka bwino ndipo amapatsa ulemu. Koma ndalama zogulira zimachokera m'chopereka cha Akhristu, ena mwa iwo amayi amasiye ogulitsa tomato m'mbali mwa msewu. Tsono tisanatulutse ngwee ndi imodzi yomwe, tiyambe tayankha mafunso awiri. Galimoto yathu imalemera bwanji itasenza katundu wake yense? Nanga ndani adzakhale ataimirira pafupi pamene tikuikoka?

Kulemera kwa galimoto

Toyota Land Cruiser ya mtundu wa 70, imene inayamba kupangidwa m'chaka cha 1984 ndipo ndi yofala m'mamishoni ndi m'zipatala zathu, imalemera matani 2 ndi pang'ono ikakhala yopanda kanthu. Koma ndani anaionapo ikuyenda yopanda kanthu? Kwezanimo anthu akuluakulu 6, amenewo ndi makilogalamu ngati 400. Onjezani matumba 10 a chimanga kapena a simenti a makilogalamu 50 lililonse, ndiwo makilogalamu 500 ena. Mukaphatikiza dizilo, tayala lapadera ndi zigubu za madzi, mwapitirira kale matani 3. Malire a kulemera amene opanga galimoto anaika amalembedwa m'buku lake, ndipo kwa zambiri za mtundu umenewu ali pakati pa makilogalamu 3,000 ndi 3,500. Nambala imeneyo ndiyo muyeso wa chida chilichonse chimene tingagule, ndipo wopita kusitolo apite ataiilemba pa pepala.

Matope nawonso amaonjezera kulemera, pakuti amayamwa galimoto monga amayamwira phazi la munthu. Asilikali amene ntchito yawo ndi kuvuula magalimoto a nkhondo ali ndi chiwerengero chapafupi. Galimoto ikatitimira kulekeza pakati pa magudumu, mphamvu yofunika kuikoka ndi yofanana ndi kulemera kwake. Matope akapitirira pamenepo, mphamvuyo ndi kawiri, ndipo akakwirira magudumu onse ndi kufika pa thupi la galimoto, ndi katatu. Ndiye kuti galimoto ya matani 3 yogwidwa bwino ndi makande a m'dambo ingafune chikoka cha matani 6. Kachingwe kokokera galimoto yaing'ono imene yafera pa msewu wa mu Lusaka sikangachite kanthu pamenepa. Chiwerengerochi chikutiphunzitsanso kuti ntchito yoyamba ndi kuchepetsa katundu: okwera atsike, matumba atsitsidwe, ndipo matope ogwira galimoto achotsedwe.

Zotsika mtengo ndizo zoyamba

Chifukwa cha chimenechi, chida choyamba kugula ndi fosholo ya mpini wautali wofika pansi pa mimba ya galimoto, pamodzi ndi khasu ndi nkhwangwa kapena chikwanje. Usiku wina wa mwezi wa Febuluwale tinanyamula mayi wapakati amene matenda anali atamuyamba, ndipo podutsa dambo lina galimoto inamira mbali imodzi. Anyamata a m'mudzi wapafupi anafika ndi matochi, okonzeka kukankha. Pakati pawo panali nkhalamba ina imene inazungulira galimoto kamodzi niunika pansi. "Ana inu, tadikirani," inatero. "Galimotoyi yakhala ndi pamimba, miyendo yake ili lende. Yambani mwaikumbira." Kenaka inatembenukira kwa ine niti, "Mwana wanga, zimitsa injini tione bwino." Ndinayankha kuti, "Ndamva, agogo," ndipo tonse tinagwira makasu. Titachotsa dothi pansi pa mimba ndi kutsogolo kwa magudumu onse anayi, tinayala miyala ndi nthambi m'mikwasomo, galimoto nituluka yokha pa giya yotsika, popanda chingwe. Mayi uja anafika kuchipatala tambala woyamba asanalire.

Agogo aja ankadziwa chimene madalaivala ambiri amaiwala. Gudumu likayamba kuzungulira pamodzimodzi, kuponda mafuta kumangokumba dzenje. Wanzeru amaima nthawi yomweyo, natsika kukaona chimene chagwira. Ndiponso magudumu a kutsogolo amangidwe ndi giya yotsika ilowetsedwe galimoto isanafike pa thope, pakuti ikamira kale thandizo lake limakhala lochepa.

Chachiwiri ndi pampu ya matayala ndi geji yoyezera mpweya. Tayala likaphwetsedwa pang'ono, kuchotsa ngati gawo limodzi mwa magawo atatu a mpweya wake, limaponda pansi motalika ndipo limayandama pa mchenga ndi pa dothi lofewa mmalo mobaya. Koma galimoto yolemera isaphwetsedwe mopitirira, kuopa kuti tayala lingavuke pa limu. Mukafika pouma mupoperenso mpweya musanathamange, chifukwa tayala lofewa pa tara limatentha mpaka kuphulika. Pampu yoyendera batire ndi yofulumira, koma ya phazi siifa chifukwa cha waya woduka.

Chachitatu ndi jeke ndi matabwa. Jeke wobwera ndi galimoto amalowa m'matope mmalo mokweza, choncho pafunika thabwa lochindikala ndi lotambalala lomukhazikapo. Gudumu likakwera, mumadzaza dzenje ndi miyala ndi mitengo, kenaka mumalitsitsa pa malo olimba. Ambiri amakonda jeke wamtali wotchedwa Hi-Lift, amene amakweza matani ngati 2 ndipo amathandiza kwambiri, koma ndi chida chaukali. Mpini wake ukapulumuka m'manja umabwerera ndi mphamvu yothyola chibwano, ndiponso galimoto yokwezedwa nawo imatha kupendekeka nthawi iliyonse. Munthu asalowetse mutu kapena mkono pansi pa galimoto imene yaimira pa jeke yekha. Komanso jekeyu amafuna bampala yachitsulo kapena malo okonzedwera iye. Ngati galimoto yanu ilibe, kumugula ndi kutaya ndalama. Onjezani matabwa awiri kapena anayi olimba oyala pansi pa magudumu. Masiku ano kuli ena a pulasitiki okhala ndi mano amene amagwira bwino tayala, koma amtengo ochokera kwa kalipentala wa m'parishi amagwira ntchito yomweyo pa mtengo wochepa.

Chingwe ndi pochimangirira

Zimenezi zikalephera ndiye tifika pa chingwe, ndipo apa ndi pamene ngozi zenizeni zimayambira. Zingwe zilipo za mitundu iwiri, ndipo kuzisokoneza n'koopsa. Pali zosatamuka, monga unyolo ndi lamba wokokera, zimene ntchito yake ndi kukoka pang'onopang'ono mosadzidzimutsa. Zimenezi ndizo zoyenera thirakitala ya mlimi woyandikana nafe ikabwera kudzatithandiza. Palinso lamba wa nayiloni wotamuka ngati mphira, amene amatalika pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a utali wake. Galimoto yokoka imanyamuka pang'ono, lamba natamuka, ndipo pobwerera amazula inzake ija m'matope. Kudzidzimutsa kotereku ndi unyolo kumadula unyolowo kapena kuzula chitsulo pa galimoto.

Posankha lamba wotamuka, odziwa amati mphamvu yake yodukira ikhale kawiri kapena katatu kulemera kwa galimoto yopepukirapo mwa ziwirizo. Kwa magalimoto a matani 3, lamba wa makilogalamu 8,000, amene kawirikawiri amakhala wa mamita 9, ndi woyenera. Wina angaganize kuti wamphamvu koposa ndiye wabwino, koma lamba wopangidwira lole satamuka pa galimoto yathu, ndipo amagunda ngati unyolo. Lamba wopanda chizindikiro cha mphamvu yake msiyeni m'sitolo momwemo, ngakhale wogulitsa alumbire chotani. Nayiloni amafooka akanyowa, akadyedwa ndi mchenga kapena akakhalitsa pa dzuwa, choncho akagwira ntchito achapidwe ndi madzi, aumitsidwe pa mthunzi, ndipo akaoneka wothetheka achotsedwe.

Zitsulo zolumikizira lamba ku galimoto, zimene amakaniko amati mashako, zikhale zodindidwa nambala pa thupi pake. Za matani 4.75 ndizo zoyenera galimoto ya msinkhu umenewu, ndipo ziwiri n'zokwanira. Kuli tsopano zolumikizira za chingwe chofewa koma cholimba, zimene ubwino wake ndi woti zikaduka siziuluka ngati chipolopolo. Malamba awiri asalumikizidwe pakati ndi chitsulo, pakuti mmodzi akaduka chitsulocho chimasanduka mwala wa mu legeni.

Pomangirira ndi pofunika kuposa chingwe chimene. Kumbuyo kwa magalimoto ambiri kuli chitsulo chobulungira chokokera ngolo, ndipo chimakopa chifukwa n'chosavuta kukolekapo lamba. Chitsulo chimenecho sichinapangidwire kudzidzimutsidwa. Ndinaona ndi maso anga tsiku lina anthu atakoleka lamba pamenepo kuti avuule anzawo. Pa kukoka kwachitatu chinathyoka pakhosi, nkuuluka, nkuboola galasi la kutsogolo la galimoto yotitimira ija, nkudutsa pakati pa dalaivala ndi mwana wake amene anakhala pambali pake. Onse amene tinalipo tinati chete, pakuti panangotsala chikhatho chimodzi kuti pagwe maliro. Ku Australia, kumene anthu ambiri amayenda ndi magalimoto otere m'tchire, angapo anafa imfa yomweyi. Timphete ting'onoting'ono tomangira galimoto pa sitima nato si todalirika, chimodzimodzinso zitsulo zotchinga kutsogolo. Bungwe la parishi lilipire makaniko wodziwa kuti amange ngowe zolimba ku chasisi ndi mabawuti oyenera, kutsogolo ndi kumbuyo. Ndalama imeneyo ipite patsogolo pa ya winchi.

Nanga winchi?

Sindikuinyoza winchi. Galimoto yoyenda yokha kutali, kumene sikudutsa ina tsiku lonse, ingapulumuke nayo. Koma igulidwe pomalizira, ndipo ogula adziwe malire ake. Mphamvu yake ikhale kamodzi ndi theka kulemera kwa galimoto yosenza, ndiye kuti makilogalamu ngati 5,000 kwa galimoto yathu. Ogulitsa amawerenga m'mapaundi, ndipo ya mapaundi 12,000 ndi makilogalamu pafupifupi 5,400. Mphamvu yolembedwayo imapezeka pokhapokha chingwe chitamasulidwa pafupifupi chonse. Chikamakulungika pa mpukutu, chikoka chimanka chichepa. Winchi imadya batire kwambiri, choncho injini ikhale ikulira, ndipo makinawo azipumitsidwa kuti angapse.

Chinthu chimene ambiri saganizira ndi chakuti winchi imafuna pokoleka, koma madambo athu, kumene timatitimira kawirikawiri, ndi malo opanda mitengo. Zikatero mumayenera kukumba dzenje lakuya ndi kukwirira tayala lapadera kuti likhale nangula, ndipo mwabwerera ku fosholo yomwe ija. Ndiponso winchi ya kutsogolo imakokera kutsogolo kokha, pamene njira yapafupi yotulukira kawirikawiri imakhala kumbuyo kumene mwachokera. N'chifukwa chake ena amasankha winchi ya manja ya mtundu wa Tirfor, yochedwa ndi yotopetsa, koma yokoka mbali iliyonse popanda batire.

Wogula winchi agulenso zinzake: gudumu lokolekapo chingwe limene limachulukitsa mphamvu kawiri ngakhale liwiro limatsika ndi theka, lamba wotambalala wozunguliza mtengo kuti khungwa lisasupuke, ndi magolovesi achikopa, pakuti chingwe chachitsulo chikayamba kutha chimatuluka timinga tobaya. Pokoka, ikani thumba lonyowa kapena bulangete lolemera pakati pa chingwe kuti chikaduka chigwere pansi. Zingwe za makono za ulusi wolimba n'zopepuka ndipo sizikwapula kwambiri zikaduka, koma zimaopa miyala yakuthwa ndi dzuwa. Winchi yokhala chaka chonse osayesedwa imadzakana tsiku lomwe mukuifuna.

Anthu obwera kudzathandiza

Tsopano tibwere ku funso lachiwiri lija. Kwathu kuno galimoto siititimira yokha. Pakangopita mphindi zochepa mudzi wonse wafika, makamaka ikakhala ya Abambo kapena ya Asisiteri. Mutu umodzi susenza denga, ndipo anthu amenewa ndi mphatso imene palibe sitolo ingagulitse. Koma chikondi chawo chimatipatsa udindo waukulu, pakuti chida chosankhidwa molakwika chimavulaza iwowo. Chingwe chikakungika, aliyense atalikire mtunda woposa utali wa chingwecho kamodzi ndi theka, ndipo aime chakumbali. Ana, amene amakonda kuthamangira pafupi kuti aone bwino, apatsidwe munthu wamkulu wowayang'anira. Pasakhale wokankha kumbuyo pamene chingwe chikukoka, pasakhale wolumpha chingwe chokungika, ndipo m'galimoto mutsale dalaivala yekha. Wolamula akhale mmodzi, woima pooneka ndi madalaivala onse awiri, chifukwa pamene aliyense akufuula zake ndi pamene miyendo imathyoka.

Ulemu nawo ndi mbali ya zida zathu. Tisalambalale thope podutsa m'munda wa chimanga wa mwini, pakuti mizere iwiri yoponderezedwa ndi nsima ya banja. Tisadule nthambi za mango kapena masuku a pakhomo popanda kupempha. Tikatuluka tikwirire maenje amene takumba ndi kuchotsa miyala, kuti ngolo ya ng'ombe yobwera m'mbuyo mwathu isathyoke. Ndipo amene adetsa zovala zawo chifukwa cha ife athokozedwe moyenera, ndi mawu ndiponso ndi kangachepe kamene tili nako.

Safunsa anadya phula. Eni dera amadziwa pamene pali pathanthwe ndi pamene pali chithaphwi chobisika ndi udzu, choncho kufunsa kumapulumutsa maola ambiri. Pa mtsinje wosefukira palibe chida chothandiza. Ngati madzi akuthamanga kotero kuti munthu sangaoloke pansi bwinobwino, galimoto nayo isaoloke, ndipo m'mitsinje ina muli ng'ona zoti sitingayese n'komwe. Timitsinje tambiri timaphwa pakapita maola ochepa mvula ikaleka. Akhristu a kunthambi asakhumudwe wansembe akabwerera panjira. Akatekisti angatsogolere mapemphero a Lamulungu limenelo, ndipo Misa idzachitika sabata ina, onse ali moyo.

Mvula isanagwe

Pempho langa kwa mabungwe a maparishi, kwa Asisiteri oyendetsa zipatala ndi kwa mabanja amene ali ndi magalimoto otere ndi lakuti agule motsata ndondomeko iyi: fosholo, khasu ndi nkhwangwa, pampu ndi geji, jeke ndi matabwa ake, ngowe zolimba pa chasisi, lamba wotamuka ndi wosatamuka pamodzi ndi zolumikizira zodindidwa, tochi ndi magolovesi, ndipo winchi ngati ndalama zatsala. Zonse zimangidwe bwino m'bokosi limodzi, chifukwa chitsulo chongoponyedwa kumbuyo chimavulaza okwera galimoto ikagwedezeka.

M'mwezi wa Okutobala, nthaka ikadali youma, pasankhidwe Loweruka limodzi loti madalaivala onse a parishi, pamodzi ndi achinyamata ndi atsogoleri a kunthambi, atulutse zidazi pa bwalo la tchalitchi, aziyang'ane ndi kuyeserera kuzigwiritsa ntchito masana dzuwa likuwala. Amene anakwezapo gudumu pa bwalo sanjenjemera polikweza usiku m'dambo. Tsiku lomwelo tingapemphe Bambo Mfumu kuti adalitse galimoto ndi oiyendetsa, ndi kuwapereka m'manja mwa Kristofa Woyera, nkhoswe ya apaulendo, kuti onse onyamuka m'dzinja lino ndi onse odzawathandiza panjira akafike kwawo ndi mtendere.